Ndinabwerera Kukafuna Mkulu wa Ambulera

Kumpingo kwathu sitiyenda maulendo opita kumapiri kukapemphera. Ife a kummawa, amene makolo athu anabwera ku Kabwe kudzagwira ntchito atanyamula Baibulo ndi buku la nyimbo m'sutikesi, tinaphunzitsidwa kuti Mulungu amamva uli pabenchi pomwepo, bola wavala jekete. Choncho m'mawa umene ndinaima kumbuyo kwa gulu la anthu a kolona, pabwalo la tchalitchi chawo ku Katondo, bulangeti lili kumsana, ndinkadziwa kuti akulu a mpingo wathu akamva adzandiitanitsa. Sindinasamale. Sindinkapita kukafuna Mulungu ine. Ndinkapita chifukwa akazi anga anali m'gulumo, ndipo anali atandiuza kuti ulendowo ukatha sabwereranso kunyumba.

Ndiyambe ndi ntchito yanga, chifukwa popanda iyo mungoti munthuyu anali wopepera basi. Ndinagwira pamgodi zaka khumi ndi zinayi, koma pansi sindinkatsikako kawirikawiri. Malo anga anali m'chipinda cha malampi. Munthu aliyense wotsika pansi ankadzera pawindo langa n'kutenga lampi yake ya pachipewa, ndipo potuluka ankaibweza, ine n'kuikoleka pa mbedza ya nambala yake. Shifiti ikatha ndinkayang'ana khoma. Mbedza imodzi ikakhala yopanda lampi, ndiye kuti munthu wina akadali pansi, ndipo ine sindinkaweruka, ngakhale anzake atalumbira kuti amuona akumwa mowa ku Kamushanga. Lampi sitinkaiwerenga ndi mawu a munthu, tinkaiwerenga ikabwerera pakhoma. Anthu ankanditcha ba Malampi, ndipo dzinalo ndinkalinyadira kuposa momwe mkhristu ayenera kunyadira chinthu.

Kenako mgodi unatsekedwa. Pawailesi ankangonena za kugulitsa makampani, akuti kubwera eni ake atsopano, zinthu ziyenda bwino. Ife tinadikira. Anzanga ena anapita ku Lusaka, ena kumudzi kumene sanalimepo ndi kale lonse, ena anangoyamba kumwa mpaka kumanda. Ine ndinakhala pakhonde ku Natuseko nditavala shati yosita, maso ali kumsewu, ngati kuti eni atsopanowo akafika adzayamba ndi kufunsa kumene ndimakhala.

Amene anadzuka ndi akazi anga. Anayamba kupita kuphiri lakuda lija la zotayidwa za mgodi, kukatola zitsulo ndi kuswa miyala yogulitsa, pamodzi ndi amayi ena. Tinali ndi mwana mmodzi, wamkazi, wa zaka zitatu, amene anabwera mochedwa titataya kale mtima. Tsiku lina akutuluka anaima pakhomo, mwana ali m'manja.

"Munkale naye lelo," anatero. "Kuja fumbi yachuluka maningi."

"Nanga bantu ba nchito bakabwela, banipeze napapa mwana?"

Anam'bereka n'kumapita, ndipo kuyambira pamenepo sanandipemphenso. Mwana ankabwera madzulo ali mbuu, fumbi mpaka m'makutu. Patapita miyezi anayamba kudwala m'mimba, kenako kukomoka, ndipo tinamuika m'manda mvula isanathe. Mpaka lero sindidziwa ngati linali fumbi kapena malungo. Chimene ndikudziwa n'chakuti tsiku lachitatu chiikire maliro, abale atachepa pakhomo, ndinatsegula pakamwa panga n'kunena kuti, "Mwana mwamupha ndimwe, na vitsulo vanu."

Ndinadziwa mawuwo asanathe kutuluka kuti ndikunama, ndiponso ndinkadziwa amene anakana kukhala ndi mwana pakhonde. Koma mawu anali atatuluka. Tinakhala miyezi isanu m'nyumba imodzi ngati anthu odikira basi pasiteshoni. Ankaphika, n'kuika mbale patebulo, ine n'kudya. Mpaka tsiku lina akuchotsa mbale anati, "Mwezi wa mawa tiyenda ku phiri na ba mpingo, ni masiku five na mendo. Tikasiliza ine nizapitilila kwa bamayo, ni pafupi na kuja. Sinizabwela. Ngati muli na mau, mukambe."

Ndinali nawo mawu. Anali ochepa, mwana wa sitandade wani akanatha kuwalemba: ndinalakwa, sindinu, ndine. Koma ndinadzuka n'kupita kukapukuta nsapato. M'mawa wa ulendo nditamva chitseko chikutsekedwa, ndinagwidwa ndi mantha amene sindinawamvepo ngakhale tsiku lomwe anatipatsa makalata otichotsa ntchito. Ndinakulunga bulangeti, n'kuvala majombo anga a kumgodi poganiza kuti ulendo wautali umafuna nsapato zolimba, ndipo ndinawatsatira. Jekete sindinaisiye.

Anthu a kolona ali ndi dongosolo lawo. Kutsogolo mtanda wamtengo, wonyamula mosinthana. Pambuyo pake amayi, akuimba m'Chibemba, kenako abambo ochepa, ambiri a iwo ochotsedwa ntchito ngati ine. Wotsogolera anali katekisiti wawo, munthu wamfupi wokhala ndi wezulo m'khosi, amene anandiyang'ana kuyambira kujekete mpaka kumajombo n'kungoti, "Mulungu ni wa bonse, tiyeni." Ine ndinatenga malo a kumapeto kwenikweni. Nyimbo zawo sindinkazidziwa, pogwada sindinkadziwa kuti agwada liti, ndipo akayamba kubwereza pemphero limodzi kambirimbiri mtima wanga wa kumpingo kwathu unkang'ung'udza kuti kodi Mulungu ndi wogontha. Akazi anga anandiona tisanatuluke m'tauni. Anatembenuka kamodzi, anandiyang'ana, n'kupitiriza kuimba.

Tinatenga msewu wa ku Kapiri Mposhi. Unali mwezi wa mphepo, tchire litapsa mbali zonse, phulusa likuuluka n'kumalowa m'maso. Malole akuluakulu ankatidutsa akuliza mahutala, ndipo mphepo yake inkatikankhira m'ngalande. Munthu ukamadutsa msewu umenewu pabasi umayesa ndi waufupi. Ukauyenda ndi miyendo umayamba kudziwa mtengo uliwonse, chifukwa umauona kwa theka la ola usanaufike. Pofika pamlatho wa Mulungushi majombo anga anali atayamba kale kundidya zidendene. Majombo a kumgodi anawapangira kuima m'madzi ndi kutchinga mwala ukagwa, osati kuyenda pa tala wotentha, ndipo zimenezi ndinazidziwa nditachoka kale kwathu.

Popuma paliponse ndinkawerenga anthu. Palibe anandituma, maso ankangochita okha. Tinali makumi anayi ndi asanu ndi mmodzi. Ndinkawerenga m'mawa ponyamuka, masana pamthunzi, madzulo pofika pogona, ndipo nambala ikakwana mtima unkakhala m'malo pang'ono. Tinkagona m'makalasi a masukulu a m'mbali mwa msewu, amayi kwawo, abambo kwawo. Pa chakudya akazi anga ankabwera ndi mbatata ndi mtedza pa kambale, n'kuika pafupi ndi phazi langa monga ankachitira kunyumba, n'kubwerera kwa anzawo. Ndinali pakati pa anthu ochuluka chotero, koma kusungulumwa kwake kunaposa kwa pakhonde paja, chifukwa pakhonde panalibe wondionetsa kuti anthu ena amaseka.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankandilankhula. Anali mkulu wina wopuma ntchito kunjanji, wowonda, wotsokomola, amene ankayenda ndi ambulera yakuda yotchingira dzuwa. Miyendo yake inali yochedwa, choncho ankapezeka kumapeto pamodzi ndi ine. Pakamwa pokha ndiye panali pa changu. Anandiuza za masitima onse amene anawaonapo, za akazi ake awiri amene anamwalira, ndi za bondo lake lamanzere. Ine anandipatsa dzina loti ba majekete.

"Ba majekete," anatero tsiku lachiwiri, "uja wa chitambala cha blue ni madam wanu?"

"Mwaziba bwanji?"

"Mumuyangana monga ni bus yamene yakusiyani. Mwalakwa chani?"

Ndinapsa mtima, ndinamuuza kuti asamale za bondo lake. Iye anangoseka mpaka kutsokomola. "Awe, ine sinifunsa," anatero. "Koma kambani nabo. Njila iyi imasila."

Ndinkadziwa kuti njira imatha. Tsiku loyamba ndinati anthu achuluka, nkhani ya m'banja siikambidwa pagulu. Tsiku lachiwiri ndinati mapazi akupweteka, munthu sapepesa nkhope ili yokwinya. Tsiku lachitatu mwayi unabwera wokha. Tinaima pamjigo wina, anthu anamwa n'kumapita, ndipo tinatsala awiri, iwo akudzaza botolo, ine ndikupopa. Panalibe wina aliyense, mbuzi zokha. Anadzaza botolo mpaka kusefukira, osalichotsa, akudikira. Ndinatsegula pakamwa.

"Mphepo yachuluka lelo," ndinatero.

"Yachuluka," anayankha, n'kutseka botolo.

Ndinayenda masana onsewo ndikudzitukwana. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo mwambi umenewu ndinkauphunzitsa ana ku Sande sukulu ndi mawu okweza.

Tsiku lachinayi tinali titadutsa Kapiri n'kusiya tala, tikuyenda mumsewu wafumbi wolowera kummawa. Masana tinapuma pa kamsika kena, pamene amayi ankagulitsa mbatata ndi munkoyo, chakumwa chonga thobwa, wa m'zigubu. Titanyamuka pamenepo ine ndinayamba kukonza mawu. Ndinkawanena chamumtima, kuwasintha, kuwafupikitsa, kuwayesa m'Chinyanja cha kwathu ndi m'Chibemba cha kwawo. Mutu unali pansi njira yonse. Tinafika pasukulu yogonapo dzuwa likadali pamwamba ndithu, ndipo katekisiti analengeza kuti phiri latsala ulendo wa theka la tsiku.

Ndikuvula bulangeti kumsana, ndinaona mapazi a akazi anga ataima patsogolo panga. Aka kanali koyamba kundiyamba okha chichokere ku Kabwe.

"Mawa tifika," anatero. "Nikasiliza kusamba nizankala paja pa mtengo wa mango. Ngati mufuna."

"Chabwino."

Anatenga ndowa n'kupita kuseri kwa makalasi. Ndinayang'ana mtengo wa mango uja, unali patali pang'ono ndi anthu, pansi pake pali njerwa ziwiri. Pofuna kudzikhazika mtima ndinachita chimene ndinkachita nthawi zonse, ndinawerenga anthu. Makumi anayi ndi asanu. Ndinabwereza, kuwerengera amene apita kukasamba ndi amene apita kukatola nkhuni. Makumi anayi ndi asanu. Ndinayang'ana ambulera yakuda, panalibe. Ndipamene ndinazindikira kuti chichokere pa kamsika paja sindinamve chifuwa cha mkulu uja.

Apa ndinene zoona, chifukwa ndakhala ndikuinena nkhaniyi mokometsa kwa zaka zambiri. Nditapeza kuti wasowa mmodzi, ndinakondwera. Ndinamva thupi lonse likupepuka. Nkhawa ya mkulu uja inabwera pambuyo, ndipo inali yeniyeni, koma choyamba chinali chimwemwe cha munthu amene wapeza ntchito imene amaidziwa.

Ndinathamangira kwa katekisiti. "Tapelewela mmodzi. Ba mudala ba ambulela kulibe."

"Awe, osavutika ba tata," anatero akumasula nsapato zake. "Bantu bamalema, bamakwela motoka, babwelela ku nyumba. Every year ni so."

"Mwabaona bakukwela?"

"Sininabaone, koma nibaziba. Na last year banachita same."

Ndinamukalipira munthu wa Mulungu uja pamaso pa nkhosa zake. Ndinamuuza kuti kumgodi munthu wotsogolera anthu osawawerenga tinkamuthamangitsa tsiku lomwelo, kuti mkuluyo mwina wagwa m'tchire chifuwa chitamutseka, kuti wezulo si chokongoletsera m'khosi. Anthu anasiya zimene ankachita n'kumandiyang'ana. Ndinamva bwino kwambiri, ndinali ba Malampi kachiwiri. Katekisiti anangoti, "Ngati mufuna kuyenda, yendani, ise tinyamuka six." Ndinamuuza kuti akauze akazi anga kumene ndapita, koma anali atatembenukira kale kwa amayi ena ofunsa za mapoto. Ndinamanganso bulangeti. Potuluka pachipata ndinadutsa pafupi ndi mtengo wa mango, ndipo sindinayang'ane kuseri kwa makalasi.

Msewu umene wauyenda ndi gulu umasintha ukamabwerera wekha. Kunalibe nyimbo, kunalibe mtanda kutsogolo, kunali mapazi athu okha pafumbi, onse akuloza kumene ndikuchokera. Ndinkayang'ana m'ngalande ndi pansi pa mitengo, ndikuitana, "Ba mudala! Ba njanji!" Patatha ngati ola ndinakumana ndi bambo wina akukankha njinga ya makala. Ndinamufunsa, ndipo sanachedwe n'kuyankha.

"Ba ambulela yakuda? Bakwela van paja pa market, ine nenzepo. Bayenda ku Kapiri."

Pamenepo ndikanabwerera. Dzuwa linali lisanalowe, ndikanafika pasukulu anthu asanagone, mwinanso ndikanapeza munthu akadali pa njerwa paja. Ndinaima pakati pa msewu, ndipo ndikukumbuka bwino kuti ndinayang'ana mbali zonse ziwiri. Kenako ndinadziuza kuti mawu a munthu wa makala si lampi pakhoma, ndiyenera kukaona ndekha. Ndionetsetse adathetsa nkhosa. Ndinapitirira.

Ndinafika pa kamsika dzuwa litangolowa, amayi akumanga katundu wawo. Onse ankamudziwa. Anati anakhala pamenepo, anamwa makapu awiri a munkoyo, anawauza za bondo lake, kenako anaimitsa galimoto. Mayi wina anandiyang'ana jekete n'kuseka. "Ndimwe ba majekete? Banakamba ati mukabwela tikuuzeni ati njila imasila." Amayi onse anaseka, osadziwa chimene akuseka. Ine sindinaseke. Mwini kagolosale anandilola kugona pakhonde pake.

Kutacha mapazi anali atatupa moti majombo anakana kulowa. Ndinawamanga zingwe n'kuwakoleka m'khosi, ndipo ndinayenda chopanda nsapato, munthu woti chibadwire ndinali ndisanapondepo msewu ndi phazi losavala. Matuza anaphulika, fumbi linalowa. Ndinkayenda pang'ono n'kukhala, kuyenda pang'ono n'kukhala. Ana a m'midzi ankaima m'mbali mwa msewu kuonerera munthu wa jekete wovala nsapato m'khosi. Njira imene dzulo lake inanditengera maola atatu inandidyera tsiku lonse. Panalibe wolankhula naye, ndipo mawu amene ndinakonza aja ndinkawanena mokweza kwa mitengo, ankatuluka bwinobwino popanda chovuta.

Pasukulu ndinapeza zii. Makalasi anali osesedwa, phulusa la pamafuwa litazizira. Ndinapita pa mtengo wa mango. Njerwa imodzi inali itasunthidwa kuti iyandikane ndi inzake, ndipo patsogolo pa inayo panali makoko a mtedza ambiri, mulu ndithu, a munthu amene wakhala nthawi yaitali. Ndinakhala pa njerwa yopanda makokoyo. Sindine munthu wolira, ngakhale kumanda kwa mwana wanga ndinaima chilili ngati mlonda, koma pamenepo ndinalira. Ndinagona m'kalasi ndekha, ndipo m'mawa ndinang'amba shati yamkati n'kukulunga mapazi.

Phiri ndinalifika tsiku lachisanu ndi chimodzi, dzuwa litakwera. Ndinkayembekezera chinthu chachikulu, koma kanali kaphiri ka miyala, kokhala ndi kaphanga, m'kati mwake muli chifanizo cha mayi wovala zoyera. Pansi ponse panali phula la makandulo ndi mapazi a anthu. Mapemphero aakulu anali atachitika dzulo lake, ndipo lole yobwereka inali itatenga anthu m'mamawa kubwerera nawo ku Kabwe. Amayi awiri a m'mudzi wa pafupi ankasesa pabwalo. Ndinaima pamenepo osadziwa kuti munthu akafika pamalo otere amatani. Kugwada sindinkadziwa, chipewa choti ndivule ndinalibe.

Mmodzi wa amayi osesa analoza kumsewu ndi tsache. "Kuli bamayo bena paja, kapena ni banu."

Anali atakhala pa chikwama chawo pansi pa mtengo, m'mbali mwa msewu wopita kwawo. Chitambala cha buluu chinali chitafiira ndi fumbi. Anandiona ndikubwera kuchokera patali, ndikutsimphina, ndipo sanadzuke. Nditafika anayang'ana mapazi anga kwa nthawi yaitali.

"Mwabapeza?" anafunsa.

"Iyayi. Banakwela motoka."

"Oho. So bali ku nyumba."

"Bali ku nyumba."

Anasuntha pang'ono pa chikwama, kusiya malo. Ine sindinakhale. Ndinayamba kufotokoza. Ndinawauza za katekisiti wosawerenga anthu, za munthu wa makala, za mtunda umene ndinayenda, za majombo okana kulowa. Ndinafotokoza bwino, mwadongosolo, monga ndinkachitira kwa kapitawo lampi ikasowa. Ndinkadzimva ndekha ndikulankhula, ndikudziwa kuti si zimenezi, koma pakamwa pankangopita. Iwo ankamvetsera manja ali pamaondo. Nditamaliza anadikira pang'ono, ngati mwina kwatsala zina.

"Lole ya kwathu inapita dzulo," anatero. "Ninaileka. Ina ibwela manje manje."

Anali atandidikira pansi pa mango, anandidikiranso usiku wina pano, mpaka anthu onse anapita. Ndinazimva zimenezo, zinalowa mpaka m'mafupa. Mawu anali pakhosi penipeni. Koma tsopano anali atakula, sanalinso a mwana yekha, panali za mango, panali za mjigo, panali miyezi isanu ya mbale patebulo, ndipo sindinkadziwa poyambira. Ndinayang'ana pansi. Nyerere zinkakoka kachidutswa ka mbatata pafupi ndi phazi lawo, ndipo ndinaziyang'anitsitsa ngati ndatumidwa.

Lole inamveka isanaoneke. Inali yonyamula matumba a chimanga, pamwamba pake patakhala anthu. Akazi anga anaimirira n'kuikwezera dzanja, ndipo inaima fumbi lili koboo. Anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso, koyamba chimwalirire mwana.

"Muli na mau?"

"Chola ichi ni cholema," ndinatero. "Lekani nikuthandizeni."

Ndinanyamula chikwama cha akazi anga ndi manja angawa n'kuchipereka kwa anthu a pamwamba. Ndinawagwiranso chigongono pokwera, kuti asaterereke pa tayala. Anakhala pa thumba nkhope ataloza kutsogolo, ndipo lole inanyamuka.

Itayenda pang'ono pakhosi panatseguka. Ndinafuna kuwaitana, ndipo ndipamene ndinapeza kuti ndilibe dzina lowaitanira. Kwathu mkazi wako sumutchula dzina lake pamsewu ngati kamtsikana. Chibadwire mwana ndinkawaitana amake a uje, ndi dzina la mwanayo, ndipo dzina limenelo linali lisanatuluke pakamwa panga chimuikire m'manda. Ndinathamanga ndi mapazi okulunga nsanza aja, majombo akundimenya pachifuwa, ndipo ndinalifuula. Ndinalifuula kawiri, kachitatu ndikuwonjeza kuti ndine, ndine ndinalakwa.

Amene anamva ndi amayi osesa aja, anaimika matsache n'kumandiyang'ana. Injini ya lole inali yaphokoso, ndipo fumbi linali litatseka kale msewu. Lole sinaime.